Tsiku Limene Dona Cotinha Anapita Kumsika

"Sindilemba zimenezi, agogo! Kaya mundichotsa ntchito lero lomwe, sindilemba."

Taís anamenyetsa pepalalo patebulo mpaka khofi anatayikira pansalu. Alamu anga a Dorival sanadzidzimuke n'komwe. Anapitiriza kupaka batala pa buledi wawo pang'onopang'ono, ngati munthu amene dziko lonse likumudikira. Ndipo n'zoona, Brazil yense ankawadikira. Sewero la pa TV la seveni koloko madzulo linali lawo, ndipo kwa zaka zambiri azimayi a m'dziko muno akhala akupsereza nyemba pamoto chifukwa cha bambo ameneyu.

"Werenga bwino, mwana iwe," iwo anatero. "Palibe dzina la munthu wa m'nyumba muno pamenepo. Palembedwa kuti Dona Cotinha."

"Ndawerenga! Dona Cotinha apita kumsika, agwira wogulitsa nsomba n'kumuitana dzina la mwana wake amene anamwalira, kenako adzinyowetsa pakati pa anthu. Pansi pake mwalemba kuti, 'Apa anthu aseke mpaka nthiti kuwawa.' Agogo, zimenezi zachitika dzulo lomweli! Ndinakuuzani ndikulira!"

"Unalira bwino kwambiri. N'chifukwa chake ndinadziwa kuti nkhaniyi ndi yabwino."

Ine ndinali pakhonde la kuseri kwa khitchini, ndikuyanika diresi lomwe linanyowa kumsikalo. Ndine Zulmira, mng'ono wawo wa a Nair, akazi a Dorival. Ndinasiya kanyumba kanga ku Niterói n'kubwera kuno ku Tijuca, mumzinda wa Rio, achemwali angawo atayamba kuiwala. Poyamba ankaiwala makiyi, kenako njira ya kutchalitchi, ndipo tsopano masiku ena amandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Dzulo lake tinapita nawo kumsika wa Lamlungu, ine ndi mdzukulu wawo Taís. Pa benchi la nsomba anaona mnyamata wamtali atavala epuloni yoyera, anamugwira dzanja n'kuyamba kulira kuti, "Edmilson, unali kuti?" Edmilson ndi mwana wawo, bambo ake a Taís, amene tinamuika m'manda Taís akadali ku pulayimale. Ali chigwirire dzanja la mnyamatayo, madzi anatsika m'miyendo. Taís anavula malaya ake apamwamba n'kuwamanga m'chiuno, tinabwera nawo kunyumba. Ndiye mwana wopusayo anakafotokozera agogo ake aamuna, poganiza kuti akuuza munthu.

Ndinalowa manja ali chinyowere.

"Alamu, kodi manyazi munawasiya kuti?"

"Mwadzuka bwanji, mlamu? Ndimadabwa kuti lero mwachedwa kulowerera."

"Akazi anu amenewo. Anakuchapirani, anakuphikirani, ankakutayipirani masewero anu mpaka zala kutupa inu musanakhale kanthu. Lero mukufuna dziko lonse liwaseke?"

"Dziko likuwaseka kale, ndipo likuwakonda. Wolemba amatola zimene zili pafupi, mlamu. Ndinalembapo za bambo anga, ndinalembapo za ansembe amene anandibatiza. Nanga mkazi wamiseche wa m'sewero lapita lija, wovala mawigi uja, mukuyesa anali ndani?"

Ankanena ine. Mkazi ameneyo ndinkadana naye zedi.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kotere. Sewero limalembedwa uku likuonetsedwa, olembawo amangotsogola ndi masabata ochepa. M'mawa uliwonse alamu amalemba mafupa okhaokha a gawo lina: uyu alowe, uyu amenyedwe mbama, uyu amve zonse ali kuseri kwa chitseko. Akatero amagawira owathandiza kuti aike mawu m'kamwa mwa anthuwo, iwo n'kupita kukagona masana. Dzina limene limatuluka pa TV ndi lawo lokha. Chaka chino akuluakulu a kuwailesi ya kanemayo anawauza kuti owonera awo akutha ndi ukalamba, achinyamata ali pa foni, ndiye apeze wolemba wamsinkhu wa a pa foniwo. Alamu sanavutike n'kuyang'ana kutali. Anatenga Taís, amene anali atangomaliza kumene sukulu ya zolembalemba, anajambulitsa naye atakumbatirana, magazini n'kulemba kuti mibadwo iwiri yagwirana manja. Mwambo wake ndi woti wobwera kumene amapatsidwa banja la nthabwala, choncho Taís anapatsidwa Dona Cotinha, gogo woiwalaiwala amene amaika nsapato mufiriji. Nsapato zimenezo ndinazitulutsa mufiriji ndine, m'nyumba mommuno. Taís analemba akuseka, ati n'zazing'ono, ndipo ine ndinamuuza kuti sizidzathera pa nsapato.

"Ndikukupatsa nkhani yabwino, iwe ukundibwezera phokoso," alamu anatero, akupukuta pakamwa. "Akuluakulu avomera. Tsiku limene gawo la kumsikali lionetsedwe, dzina lako lituluka koyambirira, pansi pa langa. Taís Quintanilha, zilembo zikuluzikulu. Gilmar wandithandiza mpaka tsitsi kuthothoka, koma dzina lake silinatulukepo."

"Musandigule, agogo."

"Sindikukugula. Ukakana ndimupatsa Gilmar yemweyo. Ukumudziwa Gilmar. Kwa iye nthabwala ndi munthu kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Aikamo galu wonunkhiza, aikamo ana oloza chala. Sankha wekha amene agwire agogo ako, iweyo kapena iye."

Mwamva nokha. Dona Cotinha uja anali atasanduka "agogo ako" khofi asanazizire.

Nthawi yomweyo achemwali anatulukira atavala zogonera, tsitsi lili nyankhalala, chikwama cha kutchalitchi chili kukhwapa.

"Sewero layamba?"

"Kudakali m'mawa, agogo," Taís anatero, akubisa pepala lija kumbuyo.

"Musandiiwale nthawi ikakwana. Ndikufuna ndione zimene gogo wopusa uja achite lero." Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Cotinha! Amaika nsapato mufiriji, anthu inu!"

Alamu ananditsinzinira diso ngati apambana mlandu. Ndikanapanda kuopa kudzidzimutsa achemwali, ndikanawathira khofi yense padazi lawolo.

Masana ndinamupeza Taís pakhonde, kompyuta ili pamiyendo, maso atafiira.

"Ndiye ukulemba."

"Ndikulemba mwanjira yanga, agogo Zulmira. Simukhala nthabwala. Ndikuchotsa zoseketsa zonse. Ndaikamo mdzukulu amene avule malaya n'kumufunda. Anthu aone mmene matendawa amapwetekera. Pali mabanja ambiri amene amatsekera odwala awo m'zipinda chifukwa cha manyazi. Mwina zithandiza."

"Eee, wayamba kale kuyankhula ngati agogo ako aamuna akamafunsidwa ndi atolankhani."

"Nanga nditani? Ndimusiyire Gilmar?"

"Ukane basi. Upite kwa akuluakuluwo ukawauze kuti nkhaniyi yabedwa m'nyumba, mwini wake sanafunsidwe, ndipo ngakhale atafunsidwa sangathe kuyankha."

"Akandiseka. Kumeneko agogo akatsokomola anthu amaimirira. Mtsikana amene wakana gawo sapatsidwanso lina, kaya ku Rio kaya ku São Paulo. Inu akale mumaona ngati kukana n'kophweka chifukwa munalibe choti mutaye."

Mawu amenewo anandilasa, koma ndinawameza. Ana a masiku ano amaganiza kuti mantha anayamba ndi iwo.

"Mwana wanga," ndinatero, "kaya ulemba mokoma, kaya ulemba moipa, diresi lonyowalo ndi la agogo ako. Ndachapa ndine."

Zala zake zinayambanso kuyenda pakompyuta. Ndinaima kumbuyo kwake n'kuwerengako pang'ono, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti zinali zolembedwa bwino. Luso la agogo ake analitenga lonse, ndipo ndinayamba kuopa kuti watenganso zina.

Kuwailesi kuli chizolowezi china. Sewero likayamba kuzirala amasonkhanitsa azimayi ku São Paulo, amawapatsa khofi ndi makeke, n'kuwaonetsa magawo amene sanatuluke, akuluakulu akuwasuzumira kuseri kwa galasi. Zimene azimayiwo anena ndiye lamulo. Akati uyu afe, amafa. Akati awa akwatirane, amakwatirana ngakhale dzulo lake amalozana mfuti. Gawo la kumsika litajambulidwa anakawaonetsa azimayiwo, alamu atalamula kuti aikemo kanyimbo koseketsa kamene kamalira Cotinha akamalowa. Azimayiwo sanaseke. Analira mpaka makeke kutsala m'mbale, wina anachita kutulutsidwa akuti amenewo ndi mayi ake enieni.

Alamu anabwera kunyumba akuimba mluzu.

"Analira, mlamu! Chipinda chonse! Kanyimbo kaja tachotsa, taikamo nyimbo ya maliro. Ndinadziwa ine. Ndinamuuza mwanayu kuti apa pakufunika misozi."

"Munalemba kuti aseke mpaka nthiti kuwawa," Taís anatero.

"Ndinkakuyesa. Mphunzitsi amatero. Koma ndakonzamo chinthu chimodzi. Mdzukulu wako wofunda malaya uja ndamuchotsa."

"Mwamuchotsa? Chifukwa chiyani?"

"Unadzilemba wekha kuti anthu akuyamikire, ukuyesa sindinaone? Cholakwa cha oyamba kumene chimenecho. Munthu akafundidwa, owonera amapuma, ena amapita kukathira madzi m'mpunga. Msiye yekha pakati pa msika, aime pamenepo, kamera izungulire. Akakhala yekha ndi pamene dziko limalira. Zimenezi kusukulu kwanu sanakuphunzitseni, ukuziphunzira kwa ine."

Ndinaona pankhope pa Taís kuti akudziwa kuti pa za ntchito nkhalambayo ikunena zoona, ndipo ndinanyansidwa nawo onse awiri.

Sabata yomweyo magazini ya miseche ya pa TV inatuluka ndi nkhope ya alamu pachikuto, dzanja pachibwano, maso kumwamba ngati woyera wa pakhoma la tchalitchi. Pansi pake panali mawu akuti, "Dona Cotinha ndi mkazi wanga." Mkatimo anafotokoza zonse, nsapato, msika, dzina la Edmilson, ndi diresi lomwe. Kale anthu a m'nyumba yathu yosanjayi ankangoganizira. Tsopano mlonda wa pageti, mtsikana wa kufamase ndi wogulitsa buledi anayamba kuwayang'ana achemwali kumiyendo asanawapatse moni.

"Munati palibe dzina la munthu wa m'nyumba muno!" Taís anakuwa, magaziniyo ili m'manja.

"Pamene zinali nthabwala panalibe. Tsopano ndi ulemu. Ndikuwalemekeza agogo ako pamaso pa dziko lonse, iwe ukundilalatira?"

"Anakupemphani ulemu umenewo?"

"Akanakhala bwino akanavomera. Nair sanandikanizepo kanthu."

"N'zoona," ndinatero ine. "N'chifukwa chake mwafika poterepa."

Gawolo linali loti lituluke Lachinayi. Ine ndinali nditakonza kale zanga: ikamayandikira seveni ndiwatenge achemwali tipite ku Misa ya madzulo, tikabwere zonse zitatha. Koma masana kunabwera mayi wokonza tsitsi, atumidwa ndi alamu. Anawapesa achemwali, anawapaka zofiira pamilomo, anawaveka diresi la buluu lomwe anavala paukwati wa Edmilson. Dzuwa litapendeka belu linalira, panalowa mtolankhani wamkazi wa mano oyera mbee ndi mwamuna wonyamula kamera.

"Alamu, anthu awa akudzatani?"

"Adzaonera nafe. Akufuna chithunzi cha banja likuonera limodzi, wolemba, mdzukulu, ndi mwini nkhani."

"Mwini nkhani akupita ku Misa."

"Afunseni eni ake, mlamu. Ine sindikakamiza munthu."

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. "Achemwali, tiyeni kutchalitchi. Lero kuli ansembe aja mumawakonda."

"Nthawi ino?" Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Mulungu adikire, sewero liyamba."

Mtolankhani anaseka n'kulemba. Matenda amenewa anadya mayina a ana, anadya njira ya kwawo, koma seveni koloko anaisiya.

Taís anayesa naye. Anati tikagule ayisikilimu pakona, anati TV yawonongeka, mpaka anatenga rimoti n'kuibisa kumbuyo.

"Zimitsa," alamu anamuuza chapansipansi, akumwetulira alendo. "Zimitsa, kenako uwafotokozere agogo ako chifukwa chake."

Taís anaibweza rimoti ija patebulo. Tinakhala monga anatikhazikira wa kamera: achemwali pakati, alamu kumanja atawagwira dzanja, chinthu chimene sindinachione chibwerere m'nyumbamo, Taís kumanzere. Ine anandiuza kuti ndisunthe pang'ono chifukwa ndikutchinga kuwala.

Nyimbo yoyambira inalira. Dzina la alamu linatuluka monga mwa masiku onse, ndipo pansi pake panatuluka lina. Achemwali kuwerenga sanaiwale. Anatsata zilembozo ndi chala m'malere.

"Taís Quintanilha. Ndi iwe, mwana wanga! Walemba ndiwe?"

"Ndine, agogo."

Anawomba m'manja, anamukoka mutu n'kumupsompsona pachipumi, zofiira zija n'kutsalira pomwepo. Kamera inathwanima. Taís anamwetulira, ndinamuona, ndipo sindimunamizira. Anali atadikira dzina limenelo moyo wake wonse.

Cotinha atatulukira ndi dengu lake achemwali anadumpha pampando. "Uyo! Taonani, lero akupita kumsika. Agula nsomba n'kuziika m'chikwama cha kutchalitchi, muona!" Anaseka okha.

Kenako gogo wa pa TV uja anaima pa benchi la nsomba. Anamuyang'anitsitsa mnyamata wa epuloni yoyera, anamugwira dzanja, anamufunsa kuti anali kuti nthawi yonseyi. Kuseka kwa achemwali kunazima. Kamera inatsika pang'onopang'ono mpaka kumapazi, inaonetsa madzi akuyenderera pansi pakati pa mamba a nsomba, kenako inayamba kuzungulira monga analamulira alamu. Anthu a pamsika anabwerera m'mbuyo. Mayi wina anaphimba mwana wake m'maso. Gogoyo anaima pakati yekhayekha, dengu lili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku.

Ndinayang'ana achemwali. Anali atachotsa dzanja lawo m'dzanja la alamu, manja onse awiri atagwira diresi lawo pamaondo n'kulikokera pansi. Kaya anakumbuka, kaya thupi lokha ndi limene linakumbuka, sindidziwa. Mtolankhani ankalira, koma diso limodzi lili pa iwo.

Zotsatsa malonda zitayamba, achemwali anayankhula ndi mawu awo akale, aja ankatikalipira nawo tili ana.

"Mayi ameneyu alibe abale?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ndikufunsa. Alibe amuna ake? Alibe mwana woti amufunde kansalu? Anthu onsewa akungomuonerera ngati nyama?" Anatembenukira kwa Taís. "Iwe wati walemba ndiwe. Unamusiyiranji choncho?"

Taís anatsetsereka pampando n'kugwada pansi, nkhope pamaondo pa agogo ake. Ankalira.

"Alibe, agogo," anatero. "Alibe aliyense."

"Zachisoni," achemwali anatero, akumusisita tsitsi. "Munthu wamkulu ngati uja."

Mukuganiza kuti alamu anatani? Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa cholembera, anakoka magazini ija patebulo n'kuyamba kulemba pachikuto, pambali pa nkhope yawo yomwe.

"Taís, gwira mawu amenewo," ananong'ona. "'Alibe abale.' Timupatsa wogulitsa nsomba, anene m'gawo lomaliza. Dziko ligwa pansi."

Taís anadzutsa mutu. Anawayang'ana agogo akewo nthawi yaitali, monga umayang'anira chinthu chimene wachipeza kunsi kwa nsapato. Anaimirira, anazimitsa TV, anatsegula chitseko.

"Tulukani," anauza alendo aja. "Nonse awiri. Chithunzi chimodzi chikatuluka, mudzandidziwa."

Anatuluka akupepesa, koma kamera anaikumbatira bwinobwino.

"Mawa mumuitane Gilmar," Taís anauza alamu. "Ndipo dzina langa mulichotse."

"Lolemba ubwera wekha. Onse amabwera. Unamwetulira litatuluka, ndinakuona."

"Ndinamwetulira, inde. N'chifukwa chake ndikuti mulichotse."

Ine ndinali nditalowa kale kuchipinda. Ndinaponya m'chikwama mankhwala, zogonera, korona ndi chithunzi cha Edmilson. Kanyumba kanga ka ku Niterói n'kakang'ono, denga limadontha pakona, koma zimene zimachitika mmenemo zimathera mmenemo.

"Achemwali, tiyeni kwathu."

"Mukupita nawo kuti akazi anga?" alamu anafunsa, koma sanadzuke pampando.

Tinawagwira uku ndi uku, ine ndi Taís. Titafika pakhomo achemwali anaima n'kutembenuka. Anali munthu waulemu moyo wawo wonse, sakanatuluka osatsanzika mlendo. Anawayang'ana alamu mwachifundo, mwamuna amene anakhala naye kuyambira ali mtsikana.

"Bambo, zikomo potichezera," anatero. "Koma kwayamba kuda. Pitani kwanu, akazi anu ali okha."

Nkhope ya alamu inagwa. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti mawuwo afika pamene pamakhala mtima mwa anthu ena. Ndinatsala pang'ono kuwamvera chisoni, ine Zulmira.

Kenako anaweramira pa magazini ija, cholembera chinayambanso kuyenda.